Kachikuto ndi Zilembo za Miyendo Yowonda

1. Ntchito yagwera Kachikuto

Dzina loti Kachikuto anamupatsa ndi anzake a kusukulu, ndipo linamukhala. Mtsikanayu anali ndi katoni yodzaza magazini akale a zovala pansi pa bedi lake, koma palibe amene anamuonapo akuwerenga zam'kati. Ankangoyang'ana chikuto, n'kupumira m'mwamba, n'kutenganso magazini ina. Mukamufunsa za patsamba lachitatu, ankayamba kukamba za nyengo.

Mkulu wake anali telala. Kwa miyezi itatu anakhala akusoka madiresi khumi ndi awiri pabalaza, moti m'nyumbamo munthu sunkakhala pampando usanafufuze singano. Bambo awo anaiwalako kamodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamvera wailesi ali chiimire.

Madiresiwo anali a chionetsero. Mayi wina, mwini sitolo yaikulu ya zovala, analonjeza kuti adzabwera kudzaona. "Ndidzabwera kamodzi kokha," anatero mayiwo. "Ndikadzakonda, madiresi anu adzalowa m'sitolo mwanga. Ndikapanda kukonda, musadzandivutitsenso." Telalayo anali atapondaponda pakhomo la mayiwo chaka chathunthu kuti amve mawu amenewa.

"Iwe Kachikuto," anatero mkulu wakeyo Lolemba m'mawa, mapini ali kukamwa, "ine nthawi ndilibe. Undikonzere chikwangwani chachikulu chimodzi ndi timapepala toitanira anthu mazana awiri. Loweruka, 4 koloko, muholo ya pafupi ndi laibulale. Kapepala kena ukasiye kusitolo kwa mayi aja. Wamva?"

"Ndamva, achemwali. Izi ndiye zanga, musadandaule."

Masana omwewo, ataweruka, Kachikuto anakhala pa kompyuta ya kusukulu n'kuyamba kufufuza mitundu ya zilembo. Atafika pa mtundu wina anaima pomwepo. Zinali zilembo zomwe zija za pachikuto cha magazini ake, zazitali, zonenepa mbali ina, zowonda mbali ina, zoima monyada. Anazisankha pa mutu, anazisankha pa tsiku, anazisankha pa nthawi ndi malo. Akanapatsidwa mpata akanalemba nazo ngakhale mayeso a masamu.

2. Kabati ya amalume

Amalume ake anali ndi kashopu kosindikizira mapepala kuseri kwa msika. Munkanunkha inki ndi mafuta a makina. Pakona panali kabati ya madirowa ambirimbiri osaya, momwe munali zilembo zachitsulo zimene ankasindikizira kale kompyuta isanabwere. Zala za amalumewo zinali zakuda mpaka m'zikhadabo, ndipo akumpanda kwawo anasiya kalekale kuwagulira malaya oyera.

Kachikuto anawaonetsa zimene anakonza. Amalume anavala magalasi, n'kuyang'ana chikwangwani chachikulu chija, n'kumwetulira.

"Apa ndiye wasankha ngati munthu wamkulu," anatero. Anakoka dirowa imodzi n'kutulutsa chilembo chachitsulo chachikulu ngati bokosi la machesi. "Taona H uyu. Miyendo iwiri yonenepa, yowongoka, koma kamzere kolumikiza pakatipa n'kowonda ngati tsitsi. Taonanso kumapazi kwake, timizere topingasa tosalala, ngati wina wajambula ndi rula. Kukongola kwa zilembozi kuli pomwepo, ponenepa n'ponenepadi, powonda n'powondadi. Anazisema amisiri akale zaka zoposa mazana awiri zapitazo, atapeza mapepala osalala ndi makina abwino. Ankafuna kuonetsa kuti angathe kusindikiza kamzere kowonda chonchi osaduka."

Kachikuto anatukumuka ngati kuti anazisema ndi iye.

"Koma nthawi ili kuti pachikwangwanipa?" anafunsa amalume.

"Ndinaichotsa, Malume. Imawononga maonekedwe. Ili pa timapepala."

Amalume anatenga kapepala kaja. Kanali kakang'ono ngati chikhatho, ndipo mawu onse anali m'zilembo zomwezo, zofinyidwa ngati nyerere. Kumwetulira kuja kunatha. Anavula magalasi n'kukhala pansi, ndipo Kachikuto anadziwa kuti lero afika kunyumba mochedwa.

"Mwana wa mlongo wanga, tandimvera," anayamba amalume. "Zilembo izi n'zaulemu, koma n'zonyada. Sizigwira ntchito iliyonse. Zimafuna zikhale zazikulu, papepala losalala, inki ili yokwanira, ndipo zipatsidwe malo opumira. Uziike pachikuto cha buku, pamutu wa nkhani, pabotolo la mafuta onunkhira, pachikwangwani ngati ichi, anthu adzaima mumsewu n'kumayang'ana. Koma ukazichepetsa, timizere towondato ndito timayamba kufa. Ukaonjezera pepala lokhakhala ndi makina otopa, timathera pomwepo. Potsala ndi miyendo yonenepa yokhayokha, ili ndandanda ngati mpanda.

"Ine ndikukuuza zimene zinandionekera. Ndili mnyamata ndinasindikizira mmisiri wina wa mapaipi timakadi ndi zilembo zomwezi, chifukwa nanenso zinanditenga mtima. Nambala yake ya lamya inatuluka yolumala. Kwa chaka chathunthu anthu ankaimbira mayi wina wokonza tsitsi kumuuza kuti chimbudzi chatsekeka. Mayiyo anandifunafuna mpaka anandipeza, ndipo zimene anandiuza tsiku limenelo sindingazibwereze pamaso pa mwana wasukulu.

"Ndiye chita chonchi. Mutu usiye momwemo. Koma tsiku, nthawi ndi malo tilembe ndi zilembo wamba, za mizere yofanana kunenepa. Sizokongola, koma zimafika kumene zatumidwa."

Anamuonetsa zilembo wambazo. Kachikuto anakwinya nkhope.

"Malume, izi ndi zilembo za pachitseko cha kuchipatala. Chionetsero cha achemwali si katemera ayi."

"Kuchipatala anthu sasochera chitseko."

"Komanso zanuzo zinali zakale. Panopa kuli kompyuta."

"Makina asintha, koma maso a anthu ndi omwe aja," anatero amalume. "Chikwangwani ndikusindikizira lero lomwe, papepala langa labwino. Timapepalati, momwe tililimu, m'makina mwanga sitilowa. Ukakakamira kukasindikiza kwina, chita chinthu chimodzi chokha. Upatse kapepala kamodzi munthu amene sakudziwa nthawi ya chionetsero, umuuze awerenge mokweza. Iwe usadziyese wekha, chifukwa iwe ukuwerenga ndi mutu, osati ndi maso."

Kachikuto anathokoza mwaulemu monga analeredwera. Koma mawu onse aja anawasiya pakhomo pomwepo, pamodzi ndi fungo la inki.

3. Makina ofuna bondo

Pafupi ndi pokwerera basi panali kakontena ka bambo wina wa fotokope. Makina ake anali okalamba kuposa Kachikuto, ndipo sankayamba ntchito asanamenyedwe ndi bondo kawiri. Kachikuto analunjika kumeneko ndi kapepala kake.

"Mazana awiri? Zazing'ono zimenezo," anatero bamboyo. Anasolola katiriji ya inki yaufa, anaigwedeza mwamphamvu pafupi ndi khutu lake, n'kuibwezeramo. "Ikadalimo yambiri. Imangofuna kudzutsidwa."

Makina anabuula n'kuyamba kulavula mapepala otuwa, okhakhala. Pakati pa ntchito, pepala loyamba limene Kachikuto anabwera nalo linagwera kuseri kwa makina. Bamboyo sanavutike n'kulitola. Anangotenga kope imodzi n'kumajambula makope ena kuchokera pa iyo.

Kachikuto anatenga kapepala kamodzi. Mutu unkaoneka ndithu, ngakhale unali utaonda ngati wadwala. Mawu oti Loweruka munthu ankatha kuwalota. Koma pa nthawi paja, nambala 4 inali itataya kamzere kake kopendekeka ndi kopingasa komwe. Panatsala mwendo umodzi wonenepa, uli chiimire wokhawokha.

Iye anayang'ana n'kuona 4, chifukwa ankadziwa kuti ndi 4. Mawu a amalume anamubwerera pang'ono, ndipo pakhomo pomwepo panali anthu oposa khumi akudikira basi. Akanangotambasula dzanja n'kupempha mmodzi kuti awerenge. Koma bwanji munthuyo akanalephera? Ndiye kuti kubwerera kwa amalume mutu uli pansi.

"Bambo, zikuwerengeka bwinobwino, eti?" anafunsa m'malo mwake.

"Kwambiri," anayankha bambo wa fotokope, maso ali pa foni.

Mayeso anathera pomwepo. Pofika Lachinayi timapepala tonse tinali titagawidwa kusukulu, kumsika, kwa aneba ndi kwa achibale. Kena Kachikuto anakapereka yekha m'manja mwa mwini sitolo uja, atagwada pang'ono. Kena anapatsa bambo wa fotokope yemwe, pomuthokoza. Mkulu wake sanaone kalikonse koma chikwangwani chachikulu chija, ndipo anachikonda mpaka anamukumbatira mng'ono wake mapini ali m'manja.

4. Loweruka

Nthawi itangopitirira 12 koloko, muholo munali chipwirikiti cha anthu amene akudziwa kuti akadali ndi maola anayi. Mipando inali mulu pakona. Atsikana asanu ndi mmodzi odzavala madiresi aja anali ndi tsitsi lomanga theka, wina akudya, wina atagona pabenchi. Telala anali atagwada pansi akupinda mpendero wa diresi lofiira, lomwe linali mtima wa chionetsero chonse. Mkono umodzi wa diresilo unali usanalumikizidwe.

Chitseko chinatseguka. Analowa azakhali awo, atavala za ulendo, magalasi ali pamphuno, akupukuta thukuta.

"Ndachedwa kodi? Ndathamanga njira yonse!"

"Mwafulumira kwambiri, Azakhali," anatero telala akuseka. "Tiyamba 4 koloko."

"Folo? Nanga apa mwalemba wani bwanji?"

Asanayankhe, analowa aneba atatu. Kenako aphunzitsi awiri. Kenako banja lathunthu ndi ana awo osamba bwino. Aliyense anali ndi kapepala m'manja, ndipo pakhomo panabuka mtsutso. Ambiri ankati ndi 1. Bambo wina wa magalasi ankati ndi 7 amene wathyoka khosi, koma anabwera msanga kuti asaluze. Gogo wina anati iye sanaone nambala iliyonse, anangotsatira anthu.

Kachikuto anali ataima pafupi ndi mulu wa mipando, atanyamula umodzi.

Ndiye 1 koloko yeniyeni, osachedwa ngakhale mphindi, galimoto inaima panja. Mwini sitolo analowa, chikwama chili pamkono. Anayang'ana mipando ya pamulu. Anayang'ana mtsikana wogona pabenchi. Anayang'ana diresi la mkono umodzi.

Telala anadzuka, mapini akugwa pansi. Analanda kapepala m'manja mwa azakhali n'kukayang'ana koyamba. Nkhope yake inasintha.

5. Wolakwa ndani?

Mwatsoka lake, nthawi yomweyo ndi pamene bambo wa fotokope analowa, atavala jekete ndi tayi, nayenso kapepala kali m'manja.

"Inunso mwabwera wani koloko?" anafunsa azakhali. "Si ndinu munasindikiza?"

"Ine ndimangosindikiza, mayi, sindiwerenga."

"Ndi ameneyu!" anakuwa telala, misozi ili m'maso. "Miyezi itatu ndikusoka usana ndi usiku, inu n'kundiphera ntchito ndi makina anu akufawo? Mng'ono wanga anakupatsani zinthu zabwinobwino!"

Anthu onse anatembenukira bamboyo. Aneba anayamba kukumbutsana za ziphaso zawo zimene zinatuluka zakuda, ndipo mphunzitsi wina anati makinawo anamudyerapo satifiketi. Bamboyo anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko, tayi itapindikira paphewa.

Apa Kachikuto akanangokhala chete, nkhani ikanathera pa makina. Palibe amene ankamuyang'ana. Koma anaika mpando uja pansi n'kupita pakati pa anthu.

"Achemwali, asiyeni bambowa. Wolakwa ndine."

Onse anatembenukira kwa iye.

"Amalume anandiuza kuti zilembo izi zikachepa timizere take timafufutika. Anakana kusindikiza. Anati ndisinthe, ine ndinakana chifukwa ndimafuna zokongola. Anati ndipatse munthu awerenge kaye, sindinatero. Nthawi pachikwangwani ndinachotsanso ndine." Anatembenukira kwa mwini sitolo. "Mayi, achemwali anga sachedwa pa ntchito. Anandiuza 4 koloko, ndipo pofika 4 koloko zonse zikhala zitatha. Chonde musawaweruze ndi kapepala kanga."

"Ndinanena ine kuti makina anga alibe vuto," anatero bambo wa fotokope akukonza tayi.

"Inu khalani chete, nanunso muli ndi mbali yanu," anatero azakhali.

Mwini sitolo anayang'ana wotchi yake. "4 koloko ndikhala ndili kwina, ndipo sindisintha," anatero. "Ndinati ndibwera kamodzi, ndabwera."

Telala anangogwira pakamwa. Mayiwo anayamba kulowera kukhomo, koma podutsa pa diresi lofiira lija anaima. Sanayang'ane kutsogolo kwake. Analitembenuza kunsi n'kuyendetsa chala pamsoko wam'kati, kuyambira m'khosi mpaka kumpendero. Anakoka pang'ono, msoko sunasunthe.

"Chionetsero sindichiona," anatero. "Koma amene amasoka m'kati mosaoneka chonchi ndikufuna ndilankhule naye. Lolemba, 8 koloko m'mawa, mubweretse madiresi atatu kusitolo. Lililonse likhale ndi kansalu m'khosi kolembedwa dzina lanu, saizi ndi kachapidwe kake. Makasitomala anga ambiri ndi a magalasi. Ndikalephera kuwerenga kansaluko, madiresi abwerera." Anayang'ana Kachikuto kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chikwangwani chapanjacho n'chokongola, mtsikana iwe. Ndinaima n'kuchiyang'ana. Chinangoiwala kundiuza nthawi."

Anatuluka, galimoto inalira, n'kupita.

6. Folo koloko

Anthu a 1 koloko anayesetsa kudikira, koma ana anayamba kulira njala ndipo akuluakulu anakumbukira ntchito zawo. Mmodzimmodzi anazemba. Pamene nyimbo inkayamba, mipando zana imene Kachikuto anayala yekha inali ndi anthu khumi ndi anayi, kuwerengera bambo a Kachikuto, amene anafufuza kaye mpando wawo asanakhale.

Madiresi anali okongola kwambiri, ndipo zimenezi ndi zimene zinkamupweteka Kachikuto. Atsikana aja anayenda bwino, diresi lofiira linatuluka ndi mikono yonse iwiri, anthu khumi ndi anayi anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma phokoso lawo silinadzaze holo. Telala anawerama kuthokoza akumwetulira, ndipo Kachikuto anaona kuti maso a mkulu wake akuwerenga mipando yopanda anthu.

Amalume anali atafika 4 koloko yeniyeni, kapepala kotuwa kaja kali m'thumba la malaya.

"Inu munadziwa bwanji nthawi, achimwene?" anafunsa mayi a Kachikuto.

"Zaka makumi anayi ndikuona nambala zolumala," anatero amalume. "4 wopanda manja ndimamudziwa ngakhale ali patali."

Anthu atapita, Kachikuto anapita pomwe mkulu wake ankapinda madiresi. "Achemwali, pepani."

Mkulu wakeyo sanadzutse mutu. Anapinda diresi lina, n'kupindanso lina. "Kunena zoona kuja wachita bwino," anatero pamapeto pake. "Koma miyezi itatu yanga aiona anthu khumi ndi anayi. Usayembekezere kuti ndiseke lero."

Kachikuto analira, ndipo panalibe womuseka.

Kenako mkulu wake anatsegula chikwama, anatenga lumo, n'kudula kansalu koyera. Anakaika m'dzanja la Kachikuto. Kanali kakang'ono ngati chala chachikulu.

"Ine mawa ndikhala pa makina tsiku lonse. Tinsalu ta m'khosi ndi ntchito yako. Unawononga ndiwe, ukonzanso ndiwe. Zikakanika Lolemba, mayi aja sitidzawaonanso."

Kachikuto anathamangira panja. Anawapeza amalume ataima kutsogolo kwa chikwangwani chija, manja ali kumbuyo, akuchiyang'ana mokhutira.

"Malume," anatero mwakachetechete, akuwaonetsa kansaluko, "dzina, saizi ndi kachapidwe. Zonse zikwane apa, ndipo ziwerengeke. Ndisankhireni zilembo. Zilizonse zimene munganene, ngakhale za kuchipatala zija."

Amalume anavala magalasi. Anatembenuza kansaluko uku ndi uku, anakakanda ndi chikhadabo chawo chakuda kuti amve ulusi wake, n'kupukusa mutu.

"Nsalu imamwa inki kuposa pepala lililonse limene unaonapo," anatero. "Apa ngakhale za kuchipatala zikhoza kutupa n'kugwirana. Ndipo ine sindikusankhira ayi."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wamng'ono wadzimbiri, wa kabati ija ya madirowa, imene sankalola munthu aliyense kuikhudza. Anamuika pamwamba pa kansalu kaja m'dzanja la Kachikuto.

"Madirowa alimo makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Mawa 7 koloko m'mawa ndikupeze pakhomo la shopu. Ubwere ndi azakhali ako adzatiwerengere kansaluko mokweza, ndipo magalasi awo awasiye kunyumba."